Difu ya Land Rover ndi mbili ya umakanika wa pansi pa mtengo

Aliyense amene anakwelako kumbuyo kwa Land Rover yakale amakumbukila phokoso lake. Injini ili ndi liu lake, zitseko zili ndi kugogoda kwake, ndiye pali kulila kwina kocokela pansi pa mabenchi akumbuyo. Kulila kumeneku kumakwela dalaivala akaponda mafuta, ndipo kumasintha akacotsapo phazi. Amakanika acikulile akakumva safunsa zambili. Amangoti, "Difu yayamba kuimba." Difu ndi citsulo cija cotupa ngati dzungu cimene cili pakati pa mawilo awili akumbuyo. Ambili a ife timaciona pokhapo motoka ikakwela pa culu kapena ikagona m'ngalande.

Masiku ano motoka ikadwala timaipeleka ku galaji kuti aiike pa kompyuta. Koma m'midzi ndi m'makomboni mwathu mukali anthu amene angacotse difu ya Land Rover m'mawa, pa bwalo la nyumba, ndi kuikapo ina dzuwa lisanalowe. Zida zao ndi masipanala ocepa, nyundo, beseni ndi mnzao mmodzi wothandiza kunyamula. Luso limeneli lili ndi kumene linacokela. Linabadwa pamene zinthu ziwili zinakumana: mapangidwe a motoka imene Angelezi anatulutsa mu 1948, ndi zaka zimene dziko lathu linasowa ndalama zakunja zogulila masipeya.

Nchito ya difu

Motoka ikamakhota, wilo lakunja limayenda mtunda wautali kuposa wilo lamkati. Mukafuna kutsimikiza, yang'anani mizele imene ngolo yasiya pa mcenga pamene yakhotela: mzele wakunja ndi wautali. Pa ngolo palibe vuto, cifukwa ng'ombe ndizo zimakoka ndipo wilo lililonse limazungulila palokha. Vuto limabwela pamene mawilo ndiwo ayenela kukankha motoka. Mukawamangilila onse awili ku citsulo cimodzi, pokhota wilo limodzi limakhwekhweleza, matayala amatha msanga, ndipo motoka imalimbalimba osafuna kukhota.

Difu imagwila nchito zitatu. Yoyamba, imalandila mphamvu ya injini kucokela ku propshafti, citsulo cacitali cija cimene cimazungulila kunsi kwa motoka, ndi kuikhotetsela kumbali kuti ifike ku mawilo. Yaciwili, imacepetsa liwilo ndi kuonjezela mphamvu yokoka. Mu Land Rover za mtundu wa Series, kagiya kakang'ono kochedwa pinion kali ndi mano 10, ndipo kamazungulitsa giya yaikulu yochedwa crown wheel imene ili ndi mano 47. Conco propshafti ikazungulila ka 47, mawilo amazungulila ka 10 cabe. Ndiko kumacokela nambala ija ya 4.7 imene amakanika amakonda kuchula. Yacitatu, timagiya tina ting'onoting'ono ta mkati timalola wilo limodzi kuthamanga kuposa linzake, onse awili akulandilabe mphamvu.

Pomwepo ndiye palinso kufooka kwake. Wilo limodzi likagwela m'matope limazungulila lokha ndi kuponya thope m'mwamba, pamene linzake la pouma lili duu. Amene anakankhako motoka pa mseu wa ku Chama kapena wa ku Vubwi mwezi wa February amacidziwa bwino cimeneci.

Kucokela ku Paris kufika ku Solihull

Nzelu ya difu ndi yakale kuposa motoka ya petulo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1820, Onésiphore Pecqueur, katswili wa mawochi ku Paris, analembetsa ku boma la France njila yogawila mphamvu ku mawilo awili a ngolo yoyendela nthunzi. N'zosadabwitsa kuti anali munthu wa mawochi, cifukwa kuwelenga mano a timagiya inali nchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Patapita zaka pafupifupi 50, nzeluyo inatulukilanso ku Coventry, ku England, m'manja mwa James Starley, wopanga makina osokela ndi njinga. Starley anaona kuti pa njinga ya anthu awili okhala mbali ndi mbali, aliyense akupalasa wilo lake, wamphamvu amapatutsila njinga kumbali ya wofooka. Mu 1877 analembetsa difu yake ndi kuiika pa njinga za mawilo atatu. Njingazo zinachuka kwambili moti Mfumukazi Victoria inagulako ziwili mu 1881. Mwana wa m'bale wake, John Kemp Starley, ndiye anatulutsa mu 1885 njinga yoyendela cheni cokoka wilo lakumbuyo, kholo la njinga zonse zimene timanyamulila makala ndi matumba a cimanga lelo. Njingayo anaicha Rover. Kampani yake inatenga dzina lomwelo, ndipo mu 1904, mwiniwake atamwalila kale, inayamba kupanga mamotoka. Conco njinga zonyamula anthu mu Chipata ndi Land Rover ya ku boma ndi pacibale, ndipo difu ndi ya m'banja lomwelo.

Mamotoka oyambilila, monga ya Karl Benz ya mu 1886, anali kupeleka mphamvu ku mawilo ndi macheni ngati njinga. Mu 1898 Louis Renault wa ku France anapanga kamotoka koyendela propshafti yolowa mu difu ya pakati pa mawilo akumbuyo. Kakonzedwe kameneka ndiko kanalamulila kwa zaka zambili zotsatila: injini kutsogolo, propshafti pakati, difu kumbuyo.

Nkhondo yaciwili ya dziko lonse itatha mu 1945, kampani ya Rover inali pa mavuto. Boma la Britain linali kugawa zitsulo mopimila, ndipo linali kukondela makampani ogulitsa katundu wao kunja. Mamotoka apamwamba a Rover analibe msika waukulu kunjako. Maurice Wilks, mkulu wa mainjiniya a kampaniyo, anali ndi famu pa cisumbu ca Anglesey ku Wales, kumene anali kugwilitsila nchito Jeep yotsala ku nkhondo. Iye ndi mkulu wake Spencer Wilks, amene anali kutsogolela kampaniyo, anaganiza zopanga motoka ya mlimi yoti iwaolotse zaka zocepa zovutazo. Bodi anaipanga ndi aluminiyamu cifukwa ndiyo inali kupezeka. Injini ya malita 1.6, giyabokosi ndi madifu anatengela ku mamotoka a Rover a m'tauni. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo inali kupangidwa ku fakitale ya ku Solihull.

Difu ya m'tauni pa katundu wa kumudzi

Apa m'pamene pagona nkhani. Difu ya Land Rover inabadwila motoka yonyamula banja pa tala ya ku England. Koma Land Rover inapitiliza kukula. Yoyamba inali ndi mainchesi 80 pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Pambuyo pake kunabwela ya 88 ndi yaitali ya 109. Series II inatuluka mu 1958 ndipo nayo kunabwela injini ya malita 2.25, Series IIA mu 1961, Series III mu 1971. Injini inakula, katundu anakula, koma difu inatsala pafupifupi momwe inalili.

Zotsatila zake amakanika athu amazidziwa pamtima. Kucokela mu difu kupita ku wilo lililonse pamayenda citsulo cimene timacicha hafu shafti, ndipo kumutu kwake kuli mizele 10 yolumana ndi magiya. Wilo likamazungulila m'matope ndiyeno mwadzidzidzi n'kugwila mwala kapena muzu, mphamvu yonse imagwela pa mizele imeneyo. Kumamveka phwa, injini ikulila bwinobwino, koma motoka osasuntha. Nthawi zina cimene cimagonja ndi kacitsulo kopingasa kogwila timagiya ta mkati, kapena dzino la crown wheel. A Rover anaciona cimeneci, ndipo pa ma Series III aatali anaika ekiselo yolimba ya kampani ya Salisbury, ya mashafti a mizele 24.

Koma difu yofookayo inali ndi ubwino umene ya Salisbury inalibe. Difu ya Rover ndi cinthu cimodzi cathunthu. Magiya onse ndi mabeling'i ao amakhala m'cigoba cimodzi comangidwa ndi manati kutsogolo kwa ekiselo. Mukamasula manatiwo cimatuluka conse, ndipo cina cimalowa popanda kupima ciliconse. Ya Salisbury amaicotsela kumbuyo, ndipo pamafunika cida capadela cokanulila cigoba ndi luso lopima mipata ya magiya. Cinanso, kuyambila pa Series II kulemela kwa motoka sikugona pa hafu shafti koma pa mabeling'i a wilo. Motelo mungasolole shafti motoka itaimilila pa matayala ake, osafuna jeki. Ndipo pa Land Rover zazifupi, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi za mtundu umodzi, moti motoka imodzi yakufa imapeleka madifu awili.

Shafti ikaduka m'thengo, dalaivala sanali kugona pamenepo. Anali kukanikiza kamutu kacikasu kamene kali pafupi ndi giya kuti mawilo akutsogolo ayambe kukoka, n'kubwelela kunyumba pang'onopang'ono.

Mmene inafikila kwathu

Ku Northern Rhodesia, Land Rover inali motoka ya boma. Ma DC, apolisi ndi oyang'anila nyama ndiwo anali kuyendamo, pamodzi ndi amishoni ndi azungu a mafamu a fodya ozungulila Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata. Kwa makolo athu ambili, kulila kwake pa mseu wa kumudzi kunali kutanthauza msonkho kapena mlandu. Koma motoka yomweyo inanyamulanso omenyela ufulu. Mukapita ku Chilenje House 394 mu Lusaka, nyumba imene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambila 1960 mpaka 1962, mudzapeza Land Rover imene anali kuyendela pa nchito ya UNIP.

Titalandila ufulu mu 1964, Land Rover inakhala ambulansi ya cipatala ca kumudzi, motoka ya alangizi a zaulimi, ya oyendela masukulu ndi ya ogawa makhadi a masankho. Boma latsopano linafuna kuti mamotoka azimangidwa konkuno. Ku Ndola kampani ya Rover Zambia inali kulumikiza ma Land Rover kucokela ku zigawo zobwela m'mabokosi, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kutulutsa ma Fiat. Koma magiya, mabeling'i ndi mashafti zinali kucokelabe kutsidya la nyanja. Kumanga motoka kuno sikunacotse kufunika kwa ndalama zakunja.

Ndiyeno njila zinayamba kutsekeka. Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia, ndipo njila ya kum'mwela, kumene katundu wathu wambili anali kudzela, inakhala yosadalilika. Mafuta anayamba kubwela m'madilamu pa malole kucokela ku Dar es Salaam, pa mseu woipa umene madalaivala anaucha Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA itatha mu 1968. Mu January 1973 malile a ku Rhodesia anatsekedwa, ndipo njanji ya kum'mwela sinatsegulidwenso mpaka October 1978. Caka comweco ca 1973 mtengo wa mafuta unakwela dziko lonse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo mkuwa ndiwo unali kubweletsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse.

Kuyambila pamenepo, munthu wofuna kuitanitsa sipeya anafunika cilolezo ca boma ndi gawo la ndalama zakunja, ndipo zonse ziwili zinali kucedwa. Mu October 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni sabata iliyonse. Kwacha inagwa, ndipo sipeya imene inapezeka inakhala yodula koopsa. Kuseli kwa maofesi a boma kunadzala mamotoka okhala pa miyala, ena atafa cifukwa ca kanthu kamodzi kolowa m'thumba la malaya. Amakanika anaphunzila kupha motoka imodzi kuti ziwili ziyende. Boma likagulitsa zotsalazo, ogula anali eni zigayo, ogula mbeu, aphunzitsi opuma nchito ndi amakanika eniake.

Anthu odziwa nchitoyi analipo ambili. Ena anaphunzila m'mawekishopu a migodi, ena m'magalaji a boma, ena ku Northern Technical College ku Ndola ndi m'masukulu a nchito za manja a m'zigawo. Nchito ikatha kapena akapuma, anabwelela kwao ndi bokosi la masipanala, ndipo anyamata amene anayamba ndi kuwapatsila zida ndi kutsuka mabawuti m'palafini ndiwo anakhala amakanika a m'badwo wotsatila. Galaji inali mthunzi wa mango. Land Rover inayenelana ndi sukulu yotele cifukwa inali yomangidwa ndi mabawuti, ndipo zigawo za zaka zosiyana zinali kulowana.

Nchito yeniyeniyo

Kasinthidwe ka difu ya Rover sikanasinthe kuyambila nthawi imeneyo, ndipo mpofunika kukalemba.

Coyamba ndi kuika miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo, motoka ili pamalo athyathyathya. Ici si mwambo cabe. Handibuleki ya Land Rover sigwila mawilo. Imagwila propshafti kuseli kwa giyabokosi. Mukamasula propshafti kapena kusolola mashafti, handibuleki ilibenso cogwila, giya nayonso sithandiza, ndipo motoka ingayambe kuyenda munthu ali pansi pake. Amene akufuna kuikweza kuti apeze malo asadalile jeki yokha, kapena njelwa zimene zimaphwanyika mosacenjeza.

Kenako mumatsegula kabawuti ka pansi pa ekiselo ndi kukhetsela oilo m'beseni loyela. Oiloyo ndi mboni yoyamba. Ikatuluka yotuwa ngati phala, munalowa madzi pooloka mitsinje. Mukapezamo tizidutswa ta citsulo, dzino lathyoka. Ndiyeno mumamasula mabawuti 6 a pakati pa wilo lililonse lakumbuyo ndi kusolola mashafti onse awili. Ngati ina inaduka, kamutu kake kamatsalila mu difu, ndipo nthawi zambili kamatuluka difu itatsika. Mumamasula mabawuti 4 a propshafti ndi kuimangilila m'mwamba ndi waya. Otsala ndi manati ozungulila cigoba ca difu. Pa mamotoka akale kwambili mungapeze mabawuti a muyeso wa Whitworth, amene sipanala ya mamilimita imangowadya mitu. Ndiye cifukwa cake masipanala a adzimbili a m'bokosi la ambuye sayenela kutayidwa.

Difu silemela kufika pa thumba la simenti, koma kwa munthu wogona cagada ndi yolemela mokwana kuthyola zala kapena nthiti. Mutu umodzi susenza denga: wina agwile, wina amasule nati yomaliza. Ikatsika, mkati mwa ekiselo mumatsukidwa ndi nsanza ndi palafini mpaka kacidutswa komaliza katacoka, cifukwa kamodzi kotsala kangaphe difu yatsopano m'sabata imodzi. M'zaka za kusowa, gasiketi anali kuidula pa katoni yopyapyala, kugogoda pang'onopang'ono ndi nyundo m'mphepete mwa cigoba kuti maboo aoneke, n'kuipaka gilisi.

Pogula difu ya kusikilapu m'pamene luso limaonekela. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Wodziwa amazungulitsa difu ndi dzanja, amayang'ana dzino lililonse, amagwedeza kuti amve ngati mabeling'i atha, ndipo amawelenga mano. Kuwelenga kumeneku n'kofunika cifukwa Range Rover, imene inatuluka mu 1970, ili ndi difu yooneka cimodzimodzi ndipo imalowa pa boo lomwelo, koma mano ake ndi 46 ndi 13, kutanthauza 3.54. Mukaika ya 3.54 kumbuyo pamene kutsogolo kuli ya 4.7, motoka imayenda bwino malinga ngati mawilo akumbuyo okha ndiwo akukoka. Tsiku lokanikiza kamutu kacikasu, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amafuna kuthamanga mosiyana, ndipo pa nthaka youma cimodzi mwa zitsulozo ciyenela kugonja.

Zonse zikamangidwa, mumathila oilo ya magiya ya EP90 mpaka itayamba kusefukila pa boo lothilila; silowa yopitilila malita awili. Comaliza cimene ambili amaiwala ndi kampweya ka pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi thope, mpweya wotentha umakankhila oilo kunja kudzela m'masilu, difu imauma, ndipo nyimbo ija imayambanso.

Kusintha difu yathunthu ndi nchito ya tsiku limodzi. Kuiphwasula mkati ndi kuika crown wheel ndi pinion zina ndi nchito ina. Pamafunika kupima kampata ka pakati pa mano, kocepa kuposa theka la milimita, ndi kupaka mano utoto wa buluu kuti muone pamene akukhudzana. Amakanika oona mtima amasiyanitsa nchito ziwilizi, ndipo yaciwiliyi amaitumiza kwa amene ali ndi zida zake.

Peugeot ndi mafuta a nsatsi

Kuti tione kuti mapangidwe ndiwo amalamula, tiyelekeze ndi motoka ina imene inachuka m'miseu yathu, Peugeot 404. Inatuluka ku France mu 1960, ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 mamotoka 7 okha ndiwo anafika kumapeto, ndipo 404 ndiyo inali patsogolo. Ku Kenya anapitiliza kuimanga mpaka 1991.

Difu ya 404 ya saluni inali ya mtundu wina. M'malo mwa pinion munali citsulo copotana ngati sikulu, cozungulitsa giya ya mkuwa wosakaniza. Inali kuyenda mwakacetecete ndipo inali yolimba, koma inali yosankha oilo. A Peugeot anali kulangiza oilo yapadela yopangidwa kucokela ku mafuta a nsatsi, mbeu yomwe ija imamela yokha kuseli kwa nyumba zathu, ndipo oilo imeneyo sinali kufuna kusakanizidwa ndi ina. Mitundu ina ya oilo ya magiya ili ndi mankhwala a sulufule amene amadya mkuwa. M'nyengo imene munthu anali kuthila oilo iliyonse imene wapeza, giya yotele inali pa ngozi. Ndiponso propshafti ya 404 imayenda mkati mwa paipi yomangidwa ku ekiselo, moti kufika pa difu kumafuna kutsitsa mbali yaikulu ya kumbuyo kwa motoka. Difu ya Peugeot inali kukhalitsa ikasamalidwa. Ya Land Rover inali kuthyoka kawilikawili, koma inali kukhululukila mwini wake wosauka.

Pambuyo pa 1991

Boma litasintha mu 1991, malamulo a malonda anamasulidwa, ndipo m'zaka zotsatila mamotoka ogwilako kale nchito ku Japan anasefukila m'dziko. Nchito yomanga mamotoka ku Livingstone inatha. Mabungwe ndi maofesi a boma anasamukila ku Land Cruiser ndi Hilux. Ku Solihull, Series III inalekeka mu 1985, ndipo Defender ya mtundu wakale, mdzukulu wake, inatuluka komaliza pa 29 January 2016.

Mamotoka ang'onoang'ono ambili amene timayendela lelo amakokedwa ndi mawilo akutsogolo. Corolla inayamba kusamukila kumeneko mu 1983. M'mamotoka amenewa difu ilimo, koma inabisika mkati mwa giyabokosi, ndipo palibe amene amaisintha payokha pa bwalo la nyumba. Mnyamata wophunzila umakanika lelo angathe caka cathunthu pa ma Vitz ndi ma Corolla osaonako crown wheel. Koma difu yakumbuyo sinafe. Ili pansi pa minibasi iliyonse ya Hiace, pansi pa Canter yonyamula thonje ndi soya, pansi pa Hilux ndi Land Cruiser, ndipo pa zambili mwa izi imacoka yathunthu monga ya Rover. Zimene akulu aja anaphunzila pa Land Rover ndizo zimadzutsa Canter ikafela pa mseu wa ku Lundazi itasenza mbeu za mudzi wonse.

Ma Series otsala nawonso sanapume. Ku Ulaya anasanduka cuma, amawatsuka ndi kuwaonetsa pa zionetselo. Kuno ena akali kukoka nkhuni, kunyamula cimanga kucoka ku minda ya kuseli kwa dambo, ndi kuthamangitsa odwala kumene ambulansi siingafike mvula ikagwa. Masipeya ake tsopano amapezeka mosavuta kuposa mu 1980, ngakhale pa intaneti. Cimene cikucepa ndi anthu odziwa kuti handibuleki sigwila mawilo, kuti mano ayenela kuwelengedwa, ndi kuti kampweya kotsekeka kamaumitsa difu. Zinthu zimenezi zambili sizinalembedwe m'Cinyanja. Zili m'mitu ya anthu amene tsopano ali ndi zaka 70 kapena kuposa. Amene ali ndi mkulu wotele pafupi, apite naye pansi pa motoka akali ndi mphamvu yogwada, ndipo anyamule kope.

Land Rover ikafelatu, bodi yake ya aluminiyamu amaisungunula n'kuumba mapoto, masipuling'i amasula mipeni ndi nkhwangwa, ndipo ekiselo yakumbuyo kawilikawili imapita kwa wopanga ngolo. Mukaona ngolo ikubwela kucoka ku munda, weleman'koni muyang'ane pansi pake. Nthawi zambili mudzapeza dzungu lija la citsulo lili pakati pa mawilo, likukokedwa ndi ng'ombe ziwili.